PHUNZIRO 17: KOLESTEROLO NDI NYEMBA ZA M'NKHOKWE YATHU

Anzathu a m'kooperativa, amayi ndi abambo, lero tili ndi liwu lalitali. Tiyeni tililembe pa bolodi, tiliwerenge pang'onopang'ono:

ko - le - ste - ro - lo

Pa pepala la kuchipatala amalilemba m'Chipwitikizi: colesterol. Liwuli ndi lachilendo, koma chinthu chake si chachilendo ayi. Chili m'thupi mwa aliyense wa ife, kuyambira khanda mpaka agogo.

Tikuphunzira liwuli chifukwa cha zimene ambiri a ife tinazionapo. Munthu wamphamvu, wolima mizere yambiri patsiku, adzuka m'mawa kamwa litapotoka. Dzanja limodzi silikugwira khasu. Mwendo akuchita kuukoka. Wina amangogwira pachifuwa, thukuta kamukamu, kugwa pansi osadzukanso. Zikatero pamudzi anthu amayamba kulozana zala, abale amadana, ndipo machamba a wodwalayo amamera tchire. Koma kawirikawiri chimene chamugwetsa chinali m'mitsempha yake ya magazi, chikukula mwakachetechete kwa zaka 20 kapena 30.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene kuno timalidziwa ndi zilembo za OMS, linawerenga kuti m'chaka cha 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni. Mwa anthu anayi alionse amene anafawo, oposa atatu sanali a m'maiko olemera. Tsono tisamati awa ndi matenda a azungu kapena a mabwana a m'tauni okha.

KOLESTEROLO N'CHIYANI?

Kolesterolo ndi chinthu chonga mafuta, chofewa ngati phula. Thupi limamufuna. Ndiye amalimbitsa makoma a tizigawo ting'onoting'ono timene tamanga thupi lathu. Ndiponso ndulu, ija timasamala kuti isaphulike tikamatumbula nkhuku, imapangidwa kuchokera kwa iye. Popanda kolesterolo munthu sangakhale moyo.

Wambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe. Wina timamudya m'nyama, m'mazira ndi mu mkaka. Choipa si kukhala naye. Choipa ndi kuchuluka kwake m'magazi.

Tonse tikudziwa kuti mafuta sasakanizika ndi madzi. Magazi nawo ndi amadzimadzi. Nanga kolesterolo amayenda bwanji m'magazi? Amakwera ngolo. Ngolo zake zazikulu ndi ziwiri, ndipo maina ake ndi zilembo zitatu zokha zimene tikuzidziwa kale:

L D L

H D L

Ngolo ya LDL imanyamula kolesterolo kupita naye kumbali zonse za thupi. Ngolo ya HDL imatola wotsala n'kumubwezera ku chiwindi. Ngolo za LDL zikachuluka mopitirira, zimataya katundu m'njira. Ndiye chifukwa chake anamwino amati LDL ndi "woipa", HDL ndi "wabwino". Imene tiyenera kuitsitsa ndi LDL.

NGALANDE YA KUDIMBA

Amene timathirira kabichi ndi kachewere kudimba tikuidziwa ngalande. Chaka choyamba madzi amathamanga bwino. Tikailekerera, matope amaunjikana, njira imachepa, ndipo bedi lakumapeto limauma.

Mitsempha ndi ngalande za magazi. Koma pali kusiyana kumodzi kofunika. Matope a kudimba amakhala pamwamba, timawachotsa ndi khasu. Kolesterolo amalowa m'kati mwa khoma la mtsempha, n'kupanga chotupa cholimba. Palibe khasu lofika kumeneko, ndipo palibe mankhwala otsegula m'mimba kapena madzi a mandimu amene angamutsuke. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika. Magazi amaundana pamenepo, njira n'kutsekeka nthawi yomweyo. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, mtima umavulala kapena kuima. Ukatsekeka wopita ku ubongo, munthu amafa ziwalo.

Tinene zoona, kolesterolo sagwira ntchito imeneyi yekha. Mnzake wamkulu, makamaka pa kufa ziwalo, ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kuchipatala amati tensão. Ena ndi fodya, matenda a shuga ndi mowa wambiri. Mchere umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo OMS imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi mchere wa m'ndiwo womwe. Za zimenezi tidzakhala ndi phunziro lake.

Kodi anthu anadziwa bwanji kuti chakudya chimakhudza mitsempha? Akalulu anathandiza. M'chaka cha 1913, mumzinda wa St Petersburg ku Russia, dokotala wachinyamata Nikolai Anichkov anadyetsa akalulu kolesterolo wosungunulidwa m'mafuta a mpendadzuwa. Patapita nthawi anaona kuti mitsempha yawo yaikulu yatupa m'kati ndi zamafuta. Akalulu amene anadya mafuta a mpendadzuwa okha sanatero. Inde, munthu si kalulu, kalulu sadya nyama. Koma kuyambira pamenepo madokotala ayeza anthu ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana, ndipo apeza chimodzimodzi: LDL ikakwera kwa zaka zambiri, mitsempha imawonongeka.

MAFUTA OUNDANA NDI MAFUTA AMADZI

Apa ndiye pali mutu wa phunziro lathu, tsono tiyeni tidekhe.

Ambiri amaganiza kuti munthu akangoleka mazira ndiye kuti wathana ndi kolesterolo. Si choncho. Chimene chimakweza LDL kwambiri ndi mtundu wa mafuta amene timadya. Mafuta ena amachititsa chiwindi ulesi, chimaleka kuchotsa ngolo za LDL m'magazi.

Mafuta amenewa tingawazindikire ndi maso. Kumbukirani m'mawa wa mwezi wa June kuno ku Angónia, kukuzizira. Mwavundukula mphika wa nyama ya mbuzi imene inatsala dzulo. Pamwamba pali chiyani? Pali mafuta oyera, oundana ngati kandulo. Amenewo ndiwo. Mafuta a ng'ombe ndi a mbuzi, pafupifupi theka lake ndi la mtundu wokweza LDL. A nkhumba amachepera pang'ono chabe. Batala ndi mafuta a pamwamba pa mkaka ndi gulu lomwelo. Khungu la nkhuku zoyera za chakudya chogula nalonso lili ndi mafuta ambiri.

Mafuta a mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza ndi ena. Amakhala amadzi. M'mafuta a mpendadzuwa, gawo limodzi lokha mwa magawo 10 ndilo la mtundu woundana uja. M'mafuta a mtedza ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5. Tikawaika m'malo mwa mafuta a nyama, LDL imatsika. Mvetsani bwino: m'malo mwake, osati pamwamba pake.

Koma pali mitengo iwiri yopusitsa. Woyamba ndi kanjedza wa mafuta. Mafuta ake ndi a mumtengo ndithu, koma pafupifupi theka lake ndi loundana ngati a ng'ombe. Wachiwiri ndi kokonati, amene abale athu a kunyanja ya mchere, ku Zambézia ndi ku Inhambane, amatendera ndiwo. M'mafuta ake, magawo oposa 8 mwa 10 ndi oundana.

Pano m'pamene kudziwa kuwerenga kukutipindulira. Mafuta ambiri otchipa a m'sitolo amangolembedwa ndi zilembo zazikulu kuti óleo vegetal, ndiko kuti mafuta a zomera. Zomera ziti? Tembenuzani botolo, funani tizilembo tating'ono:

girassol ndi mpendadzuwa

soja ndi soya

amendoim ndi mtedza

palma ndi kanjedza

Botolo lina limanyadira kuti sem colesterol, mulibe kolesterolo. Sakunama, koma sakutiuzanso kanthu. Mafuta onse a zomera ali choncho, a kanjedza omwe. Zili ngati wogulitsa nkhuku akukuuzani kuti nkhuku yakeyi ilibe nyanga. Nkhani si yakuti m'botolomo muli kolesterolo kapena ayi. Nkhani ndi yakuti mafutawo akakachita chiyani ku chiwindi.

Oipitsitsa ndi mafuta amadzi amene aumitsidwa ku fakitale kuti asawonongeke msanga. Amapezeka m'majarini ena olimba ndi m'mabisiketi ena. Amakweza LDL, n'kutsitsanso HDL. Pa pepala amalemba gordura trans kapena hidrogenada. M'chaka cha 2018 OMS inapempha maiko onse kuti achotse mafuta amenewa m'zakudya. Mukaona mawu amenewa, bwezerani pa shelefu.

Nanga chiwaya cha pamsika? Sitikuti mlimi asalaweko kanyama tsiku la malonda. Ifenso timaima pamenepo, tisabise. Koma onani mafuta ake, akuda bii, owiritsidwa kuyambira Lolemba, osakanizika ndi mafuta a nyama yomweyo. Kamodzi pamwezi ndi nkhani ina. Tsiku ndi tsiku, kuyambira pokolola mpaka ndalama zitatha, ndi nkhani inanso.

Za mazira tinene mosapita m'mbali. M'chikasu cha dzira muli kolesterolo ndithu, koma kwa anthu ambiri dzira limodzi patsiku silivuta. Amene ali ndi shuga kapena anadwalapo mtima afunse anamwino. Ana tisawamane mazira chifukwa cha phunziro lino.

NDULU NDI NYEMBA

Tabwereranso ku ndulu ija. Tikadya, ndulu imathiridwa m'matumbo kuti isungunule mafuta. Thupi ndi losamala zinthu: ndulu ikatha ntchito, matumbo amayamwa yambiri n'kuibwezera ku chiwindi kuti igwirenso ntchito mawa.

Koma m'zakudya zina muli mbali imene mimba siigaya. Tiitche ulusi wa m'chakudya. Ulusi wina ukanyowa umatereza, umanda. Ulusi wotere umakola ndulu ngati ulimbo, n'kutuluka nayo kuchimbudzi. Chiwindi chimaona kuti ndulu yachepa. Kuti chipange ina, chimafuna kolesterolo. Chimutenga kuti? M'magazi, pa ngolo za LDL zija. LDL n'kutsika.

Ulusi umenewu sitiugula ku famasi. Uli m'nyemba, m'khobwe, m'nandolo, m'nzama ndi mu mphodza. Uli m'therere. Kutereza kuja kumene ena amanyansidwa nako ndiko ntchito yake. Uli m'mabiringanya, m'magwafa, m'malalanje, ndi m'malambe amene ali mbwee kuchigwa cha Zambezi.

Madokotala atasonkhanitsa zoyeza zambiri m'chaka cha 2014, anapeza kuti kudya nyemba kapena zinzake kamodzi tsiku lililonse, pafupifupi magalamu 130 zophika, kumatsitsa LDL ndi magawo 5 mwa 100. Wina ati, "Aa, 5 yokha?" Zoona, ndi pang'ono. Koma tsiku limene mwadya nyemba simunadye mafuta a nkhumba. Onjezani masamba otendera ndi nsinjiro m'malo mokazinga. Onjezani mtedza wodzaza dzanja limodzi, kapena peyala. Onjezani usipa wa ku nyanja ya Niassa kapena kapenta wa ku Cahora Bassa m'malo mwa nyama yonona, mutayamba mwamuviika kuti mchere uchepe. Mzere umodzi sudzaza nkhokwe, koma nkhokwe imadzaza ndi mizere yomweyo.

Mtedza tiusamale. Uume bwino, ndipo wachuku ndi wofota titaye, tisausinje kuti ukhale nsinjiro. Chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi chomwecho chimene tikufuna kuchithandiza.

Nanga nsima? Ufa woyera ndi wokoma pakamwa, koma pokonola ndi poviika timataya gaga ndi mtima wa chimanga, n'kupatsa nkhumba. Mgaiwa umasunga zimenezi. Sitikunamizani kuti mgaiwa wokha ungatsitse kolesterolo ngati nyemba, iyayi. Koma umakhalitsa m'mimba ndipo uli ndi zofunika zambiri kuposa ufa woyera. Amene pakhomo pawo akukana, ayambe ndi kusakaniza.

ALIMI A KU FINLAND

Tsopano tipite kutali pang'ono, kumpoto kwa Ulaya, kuti tione alimi anzathu amene anakumana ndi vuto limeneli. Ku Finland kuli chigawo chotchedwa North Karelia. Anthu ake anali oweta ng'ombe za mkaka ndi odula mitengo. Ntchito yawo inali yakalavulagaga, ndipo ambiri sanali onenepa. Koma amuna a zaka 40 ndi 50 ankafa ndi mtima kuposa pafupifupi kwina kulikonse pa dziko. Chakudya chawo chinali batala, mkaka wonona, nyama ya nkhumba ndi mchere wambiri. Masamba ankawaona ngati chakudya cha ziweto. Fodya ankasuta kwambiri.

Anthu a chigawocho anadandaula ku boma lawo, ndipo m'chaka cha 1972 ntchito inayamba, motsogozedwa ndi dokotala wachinyamata Pekka Puska. Sanangolalikira kuchipatala. Bungwe la amayi lotchedwa Martta linaphunzitsa kaphikidwe katsopano m'midzi. Midzi inkapikisana kuti tione kumene kolesterolo atsike kwambiri. Alimi a mkaka ena anakwiya, chifukwa batala ndiye anali ndalama zawo. Tsono ena anathandizidwa kuyamba kulima zipatso zing'onozing'ono za m'dziko lozizira, ndipo dziko linayamba kuyenga mafuta a mbewu yapachibale ndi repu ndi mpiru wathu uja.

Patatha zaka 40, imfa za matenda a mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi magawo oposa 80 mwa 100. Mankhwala atsopano ndi kuleka fodya zinathandizako, koma mbali yaikulu inachokera pa kutsika kwa kolesterolo.

Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe. Iwo anachita kuphunzira kudya masamba. Ife nyemba, nkhwani, chisoso ndi bonongwe tinabadwira momwemo. Ngozi yathu ndi ina: kuzitaya. Chaka chikakoma, timagulitsa nyemba zonse kwa ogula a magalimoto. Nandolo wambiri wa dziko lathu amakwera sitima kupita ku India, kumene amamudya tsiku ndi tsiku. Ndalama zake ife timagula shuga, buledi woyera, majarini ndi zakumwa za m'botolo, n'kumati tatukuka. Mlendo akabwera timachita manyazi kumupatsa khobwe. Manyazi amenewa anachokera kuti?

TIWERENGE MASAMU

Nyemba zouma zokwana magalamu 50 zikaphikidwa zimafika pafupi ndi mlingo uja wa munthu mmodzi. Titenge banja la anthu 6.

Patsiku: 50 x 6 = magalamu 300.

Pamwezi wa masiku 30: 300 x 30 = magalamu 9,000, ndiwo makilo 9.

Pachaka: 9 x 12 = makilo 108.

Ndiko kuti matumba awiri a makilo 50 ndi kachidebe pamwamba, kuphatikiza nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama. Mbewu yobzala chaka chamawa sitinaiwerengere. Matumba amenewa ayambe aikidwa padera, otetezedwa ku anankafumbwe, sikelo ya wogula isanafike. Ndipo pogawa minda ya kooperativa tikumbukire kuti mbewu zimenezi zimasiya chonde m'nthaka. Tikazula nyemba kapena mtedza timaona timapundu pamizu. M'menemo ndimo mumapangidwa chakudya chimene chimanga cha chaka chotsatira chidzadye.

CHENJEZO KWA AMAYI NDI ABAMBO

Phunziro lino lisamveke molakwa. Sitikuti mafuta achoke m'mphika. M'midzi mwathu muli ana ambiri opinimbira chifukwa chosowa chakudya chokwanira. Mwana wamng'ono amafuna mafuta kuti akule, ndipo phala lake lithiridwe nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa ndi wodwala amene waonda, onsewa adye mazira, mkaka, nsomba ndi nyama ikapezeka. Banja limene limaona nyama kamodzi pamwezi lisadere nkhawa nyamayo. Amene tikunena nawo kwambiri ndi ife akuluakulu amene timalandira nthuli yonona pa mbale iliyonse, pa ukwati uliwonse ndi pa msika uliwonse. Nthuli yofiira ipite kwa mwana, mafuta oyera aja tidule, ndipo msuzi ukazizira tiyengule zoundanazo.

Kolesterolo sapweteka. Samveka m'mutu, samveka m'miyendo. Wonenepa angakhale naye wochepa, woonda angakhale naye wambiri. Njira yodziwira ndi imodzi: kuyezetsa magazi. Si chipatala chaching'ono chilichonse chimene chimayeza, tsono funsani anamwino akuuzeni koyenera kupita. Pa pepala, pa mzere wa colesterol total, nambala yabwino ndi yosafika 200 ngati alemba mg/dL, kapena yosapitirira 5 ngati alemba mmol/L. Ikafika 240, kapena 6.2 m'kalembedwe kachiwiriko, ndiye kuti yakwera. Amene ali ndi tensão kapena shuga, ndi amene bambo, mayi kapena mbale wawo anagwa ndi mtima asanakalambe, ndiwo ayambe kufunsa.

Kwa ena chakudya chokha sichikwanira. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 250 amabadwa ndi chiwindi chimene sichichotsa bwino LDL. Ndi zakumtundu, ndipo mwana wa munthu wotere angathe kutengera. Kwa iwo, ndi kwa amene anadwalapo kale mtima kapena kufa ziwalo, kuli mapiritsi otchedwa estatina. Woyamba kupeza mankhwala a mtundu umenewu anali Akira Endo wa ku Japan, m'zaka za m'ma 1970, ndipo anawapeza m'nkhungu yonga ija imamera pa chakudya chogona. Amene wapatsidwa mapiritsiwa amwe monga mwauzidwa, asaleke chifukwa wayamba kudya nyemba. Mayi amene waima auze anamwino msanga ngati akumwa mapiritsiwa.

Ndipo tikaona munthu kamwa lapotoka, dzanja lagwa, mawu sakumveka, kapena chifuwa chikumuthina ngati amusenzetsa thumba, tisadikire kuti kuche. Ngolo, njinga, galimoto ya kooperativa, chilichonse chimene chilipo, athamangire naye kuchipatala.

NTCHITO YA SABATA INO

Aliyense alembe m'kope mwake ndiwo zimene zadyedwa pakhomo pake kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, liwu limodzi patsiku. Amene dzanja likadalimba athandizane ndi mnzake. Ndipo amene ali ndi botolo la mafuta lopanda kanthu, kapena pepala la majarini kapena la bisiketi, abwere nalo Loweruka. Tidzawerengera limodzi tizilembo tating'ono tija, kenako a komiti ya nkhokwe adzatiuza matumba a nyemba amene alipo tisanakambe za mtengo.